Kodi Kukana Chingwe Ndiko Kulimba Mtima?

M'chigwa cha Yosemite, m'dera la California ku America, muli thanthwe lalikulu lotchedwa El Capitan. Lidaima chilili ngati khoma la nyumba, ndipo kuchokera patsinde pake kufika pamwamba pali mamita ngati 900. Amene adaimapo pansi pa Chambe ku Mulanje, nakweza maso mpaka khosi kuwawa, angathe kulingalira pang'ono chimene tikunena. Anthu oyamba kukwera pamphumi pa thanthweli adafika pamwamba mu 1958, atavutika masiku 47 ndi zingwe ndi zikhomo zachitsulo. Koma pa 3 Juni 2017, munthu wa zaka 31, dzina lake Alex Honnold, adafika patsinde m'bandakucha atavala nsapato zokwerera ndi kathumba ka choko m'chiuno, nayamba kukwera. Adalibe chingwe, adalibe mnzake, adalibe chilichonse chomgwira akadaterereka. Patapita maola 3 ndi mphindi 56 adali ataima pamwamba, wamoyo.

Dziko lidaomba m'manja. Kanema wa ulendowu, wotchedwa Free Solo, adatuluka mu 2018, ndipo chaka chotsatira adalandira mphotho ya Oscar. Kuyambira pamenepo nkhani ya munthuyu yasanduka ulaliki. Aphunzitsi a masewera, olimbikitsa anthu pa ntchito ndi olemba mabuku a malangizo amauza achinyamata kuti kulimba mtima ndi kumeneku, kuti agonjetse mantha monga adachitira iyeyu. Zithunzi zake zikuyenda m'mafoni a ana athu. Ife ulaliki umenewu tikuukana, ndipo tifuna kunena chifukwa chake momveka.

Tiyambe ndi kumpatsa munthuyu ulemu umene uli wake, pakuti kunyoza n'kwapafupi. Honnold sadadzuke tsiku limodzi ndi kuthamangira thanthwe ngati woledzera. Adakhala koposa chaka akuphunzira njira yake, yotchedwa Freerider. Adaikwera mobwerezabwereza, naloweza poponda phazi lililonse ndi pogwira chala chilichonse, nazilemba m'kabuku. Pali malo ena pamene mwala ndi wosalala ngati mbale, kotero kuti munthu amangodalira kukakamira kwa mphira wa nsapato. Pali penanso, atakwera kale mamita mazana angapo, pamene ayenera kugwira timizere ta mwala tongokwana nsonga ya chala, kenaka n'kutambasula mwendo kuti aponde khoma lakumbali. Chakumapeto kwa 2016 adayesa koyamba, koma atakwera pang'ono adaona kuti mtima sukukhazikika, ndipo adatsika. Mu 2012 adakhazikitsa bungwe lothandiza anthu osauka kupeza magetsi a dzuwa. Si munthu wopepera, ndipo za mumtima mwake woweruza ndi Mulungu yekha.

Koma taonani chinthu chimene oomba m'manja satchula. Masiku onse ophunzira aja, munthuyu adali womangidwa chingwe. Tsiku lina adaterereka pamalo osalala aja, navulala kapolo wa phazi, ndipo chimene chidamsunga ndi chingwe chogwiridwa ndi mnzake. Luso lonse limene dziko likutama lidaleredwa ndi chingwe. Tsono tsiku limene adachisiya pansi, chidaonjezeka n'chiyani? Thanthwe lidali lomwelo, njira yomweyo, zogwira zomwezo. Chidaonjezeka ndi chimodzi chokha: kuti kulakwa kamodzi kukhale imfa. Ngati tikutama tsiku limenelo koposa masiku ena onse, ndiye kuti chimene tikutama si luso ayi, koma chikole, ndipo chikolecho chidali moyo wa munthu.

Amati munthuyu adagonjetsa mantha. Mu 2016 akatswiri a za ubongo ku South Carolina adamuunika ndi makina, namuonetsa zithunzi zoopsa, ndipo adapeza kuti kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene kamatichenjeza ngozi ikayandikira, sikankatekeseka mwa iye monga kamachitira mwa anthu ena. Kaya adabadwa choncho kaya adadzizoloweza, chimenechi si chinthu chouza mwana wa zaka 15 kuti atsanzire. Ndipo kodi ndani adati mantha ndi matenda? Woyera Thomas Aquinas, pofotokoza za makhalidwe abwino, adaphunzitsa kuti kulimba mtima kuli ndi adani mbali ziwiri. Mbali ina kuli mantha opitirira, amene amathawitsa munthu pa udindo wake. Mbali inayo kuli kusaopa konse ndi kudziponya m'ngozi popanda chifukwa chokwanira, ndipo izinso adaziwerenga ngati zolakwa. Maganizo ake ndi osavuta kumva: timaopa kutaya chimene timachikonda. Mayi amaopa mwana akayandikira chitsime chifukwa amamkonda. Munthu amaopa phompho chifukwa moyo ndi wabwino. Wolimba mtima ndi amene mantha akuwamva, koma apirira chifukwa cha chabwino china chachikulu koposa chimene angataye. Funso tsono si lakuti kodi ngoziyo idali yaikulu motani, koma lakuti idali ya chiyani ndipo ya yani.

Ena amayankha kuti akatswiri otere amadziwa chimene akuchita, ndipo ngozi kwa iwo ndi yochepa. Manda akutsutsa. Paul Preuss wa ku Austria, amene ankaphunzitsa kuti wokwera weniweni adalire luso lake osati zida, adagwa pa phiri la Mandlkogel mu 1913, ali ndi zaka 27. Derek Hersey wa ku England, wodziwika ndi kukwera kopanda chingwe, adagwa pa Sentinel Rock m'chigwa chomwecho cha Yosemite mu 1993. John Bachar, amene mu 1981 adalonjeza madola 10,000 kwa aliyense amene angamtsate tsiku lathunthu popanda chingwe, ndipo sadapezeke woyesera, adagwa pafupi ndi Mammoth Lakes mu 2009, ali ndi zaka 52. Onsewa sadali ophunzira. Adali aphunzitsi a ena. Mwala umathyoka m'dzanja la katswiri monga umathyokera m'dzanja la mbuli. Thukuta, mbalame youluka mwadzidzidzi m'mng'alu, kapena mvula yosayembekezeka sizifunsa mbiri ya munthu. Chingwe sichidapangidwe chifukwa cha amantha. Chidapangidwa chifukwa munthu, ngakhale waluso chotani, ndi cholengedwa chimene chimalakwa.

Yankho lina, limene timalimva kwambiri masiku ano, ndi lakuti moyo ndi wake, achite nawo chimene afuna. Apa ndi pamene Mkhristu ayenera kuima. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pofotokoza lamulo lachisanu, amatikumbutsa kuti moyo tidachita kusungitsidwa ndi Mulungu. Ndife akapitawo ake, osati eni. Amanenanso kuti amene amaika pangozi moyo wao ndi wa ena chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro pamsewu amalakwa kwambiri. Ngati woyendetsa njinga yamoto mothamanga mosasamala ali ndi mlandu, kodi wosiya dala chingwe pansi pa khoma la mamita 900 alibe choyankha? Ndiponso ngakhale kwa wosapemphera, mawu akuti moyo ndi wanga ndekha ndi bodza looneka. Munthu ali ndi amake, ali ndi mkazi, ali ndi ana. Akagwa, thupi lake silidzinyamula lokha. Amapita kukalitenga ndi anthu ena, opulumutsa anzao m'mapiri, ndipo iwowo amatsika m'maphompho atamangidwa zingwe, mitima ili m'mwamba, kukatola zimene zatsala.

Tsopano tifike pa mlandu wathu ife oonerera, umene tiyesa ndi waukulu koposa. Uthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 4, umatiuza kuti Satana adatengera Ambuye Yesu pamwamba penipeni pa Nyumba ya Mulungu ku Yerusalemu, nawauza kuti adziponye pansi, poti angelo awagwira. Malowo adali a pagulu, pamene khamu likadaona ndi kuzizwa. Ambuye adakana, chifukwa kutero ndi kuyesa Mulungu. Yemweyo amene adakana kudumpha pa Nyumba ya Mulungu ndiye adasenza mtanda kupita ku Gologota. Sadali wamantha. Adakana kusandutsa moyo wake chionetsero, koma sadakane kuupereka chifukwa cha ife.

Woyera Augustine adasimba za bwenzi lake Alypius, mnyamata wamakhalidwe abwino amene ankanyansidwa ndi masewera ophana a ku Roma. Anzake adamkokera kubwalo mokakamiza, iye natseka maso kuti asaone. Koma khamu litafuula adatsekula, ndipo ataona magazi sadathenso kuchotsa maso. Adachoka pamenepo ali ndi ludzu lobweranso. Tisadzinamize kuti ndife osiyana ndi Alypius chifukwa bwalo lathu lalowa m'kafoni. Chimene chimatiumitsa pakamwa poonera wokwera wopanda chingwe ndi kudziwa kuti mwina agwa. Opanga kanema uja adali abwenzi ake enieni, ndipo iwo omwe adavomereza kuti ankavutika mumtima poganiza kuti angajambule imfa ya mnzao. Mmodzi wa iwo, amene adali pansi ndi kamera, amaoneka akutembenuka kuti asayang'ane. Iye adatembenuka, ife tidalipira kuti tione. Ndipo pamene pali oonerera pali ndalama, pamene pali ndalama pali wina wamng'ono, wosakonzeka ngati Honnold, amene akuganiza kuti nayenso atchuke. Kampani ina ya zakudya za amasewera, Clif Bar, idaleka kuthandiza Honnold ndi anzake anayi mu 2014, ponena kuti ngozi zimene ankadziikamo zidapitirira muyeso. Ambiri adaidzudzula. Ife tiona kuti pamenepo amalonda adaganiza bwino kuposa oonerera.

Tsiku lija la 3 Juni ndi lodziwika kale kwa ife Akatolika a mu Africa. Ndi tsiku la Amaritiri a ku Uganda. Pa 3 Juni 1886, ku Namugongo, Charles Lwanga ndi anzake adatenthedwa amoyo molamulidwa ndi mfumu Mwanga, chifukwa adakana kusiya chikhulupiriro ndi kugonjera zilakolako za mfumuyo. Wamng'ono mwa iwo, Kizito, adali ndi zaka ngati 14. Awa imfa sadaifunefune. Idawapeza ali pa choona, ndipo sadasunthe. Eklezia, ngakhale m'zaka zoyambirira za mazunzo, sadayamikire anthu amene ankathamangira okha kwa ozunza kuti aphedwe. Ngati kufunafuna imfa m'dzina la Khristu sikudayamikidwe, nanga kuseweretsa imfa m'dzina la kutchuka kapena la kudzikhutiritsa? Mawu akuti kulimba mtima ndi olemera. Tikawapereka kwa aliyense wochita choopsa, tidzasowa mawu otchulira Kizito, kapena namwino wosamala odwala kolera, kapena mayi wamasiye wolera ana asanu ndi khasu limodzi.

Wina asaganize kuti Eklezia amadana ndi mapiri. Wansembe wina wa ku Italy, Achille Ratti, adakwera phiri la Monte Rosa mu 1889 kudzera mbali yake yovuta yakuvuma, ali ndi anzake ndi owatsogolera. Pambuyo pake adadzakhala Papa Pius XI, ndipo mu 1923 adaika Woyera Bernard wa ku Menthon kukhala nkhoswe ya okwera mapiri. Pier Giorgio Frassati wa ku Turin ankakonda mapiri koposa, nkumatengako anzake, koma moyo wake adauthera pa amphawi a mumzinda. Adamwalira ndi poliyo mu 1925 ali ndi zaka 24, ndipo adalengezedwa kukhala Woyera pa 7 Seputembala 2025. Ana athu akwere Mulanje, akwere Dedza, aphunzire kupirira ndi kutopa. Koma akwere ndi anzao, ndi owatsogolera odziwa njira, ndipo pamene pafunika chingwe amange chingwe. Makolo adati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo pa thanthwe mwambiwu umaoneka ndi maso: wina akukwera, wina ali m'munsi atagwira chingwe, maso ali pa mnzake, manja ali okonzeka.

Pa El Capitan pomwepo padachitika china chimene tikadakonda kuti makolo asimbire ana ao. Kumapeto kwa 2014, Tommy Caldwell ndi Kevin Jorgeson adayamba kukwera mbali yotchedwa Dawn Wall, yovuta kwambiri kuposa njira ya Honnold. Ankakwera ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chowagwira akagwa, ndipo usiku ankagona m'timahema tolendewera pakhoma. Pakati pa ulendo Jorgeson adakanika pa chigawo cha 15. Adagwa, nayesanso, nagwanso, kwa sabata yathunthu, zala zitang'ambika mpaka kutuluka magazi. Caldwell, amene alibe chala chimodzi cha kudzanja lamanzere chifukwa cha ngozi ya sowo, adali atadutsa kale zigawo zonse zovuta. Adali atakonzekera njirayi zaka zambiri, nyengo ikadatha kusintha tsiku lililonse, ndipo akadatha kupitirira yekha kukalandira ulemu. Adasankha kudikira, namgwirira mnzake chingwe. Jorgeson adadutsa pamalopo, ndipo pa 14 Januwale 2015, atakhala pakhomapo masiku 19, adatulukira pamwamba onse awiri.