Wopanga Chida Adye Thukuta Lake, Koma Asatseke Njira ya Kumsika

Ana anga, makamaka inu amene mumachezera usiku pakompyuta kulemba mapulogalamu, khalani pansi mumve za milandu ya ku Chicago, m'dziko la America. Paja mawu a akuluakulu amakoma akagonera.

Mumzinda umenewu muli misika ikuluikulu ya futures, kumene anthu amapangana lero mtengo wa chimanga, tirigu kapena soya woti adzaperekedwe miyezi ikubwerayi. Kale amalonda ankaunjikana m'bwalo, kufuula ndi kukodolana ndi zala. Malonda atasamukira pakompyuta panabuka vuto. Mitengo inkangodumphadumpha pasikirini, moti munthu akati adine pamtengo umene waufuna, nambala yasintha kale, iye n'kugula pamtengo wina. Harris Brumfield, yemwe anachitapo malonda m'bwalo la Chicago Board of Trade, pamodzi ndi anzake a kampani ya Trading Technologies, anakonza pulogalamu ya MD Trader. Mitengo anaindandalika mumzere woimirira wosasuntha, ogula mbali iyi, ogulitsa mbali inayo, ndipo kudina kamodzi kokha kunkatumiza oda. Mu 2004 boma linawapatsa mapatenti awiri, zikalata zoletsa ena kupanga chida chofanana nacho popanda chilolezo.

Kufikira apa palibe choipa. Amene waona vuto limene anzake akungolidandaula, iye n'kulithetsa, ayenera kudya thukuta lake. Wokopera luso la mnzake mwakachetechete ndi wakuba, ngakhale atavala suti.

Koma tamvani zimene zinatsatira. Chaka chomwecho Trading Technologies inasumira kampani ya eSpeed ponena kuti yaphwanya mapatentiwo, kenako inalembera makampani onse a malondawa kalata yopempha kuti misika inayi ikuluikulu, Chicago Mercantile Exchange, Chicago Board of Trade, Eurex ndi Euronext.liffe, izilipira masenti awiri ndi theka kumbali ya wogula ndiponso ya wogulitsa pa kontrakiti iliyonse. Misikayo sinavomere. Apa ndi pamene ndikuti mwini chida anapyola malire. Kulipiritsa amene akugwiritsa ntchito luso lako n'chilungamo, koma kuika msonkho pa aliyense wolowa mumsika n'kufuna kukolola m'munda umene sunalime. Ndalama zoterozo pamapeto pake zimatuluka m'thumba la mlimi ndi wogula.

Nayo eSpeed sinali mwana wosalakwa. Mu 2001 inagula patenti yotchedwa Wagner yokhudza malonda a futures pakompyuta, ndipo mu 2002 misika iwiri ya ku Chicago ija inavomera kulipira madola 15 miliyoni uliwonse kuti mlandu wophwanya patentiyo uthe. Patangopita zaka ziwiri, wosumira anzake uja anaima m'bokosi la woimbidwa mlandu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nanga anthuwa anapindulanji? Mu 2007 khoti linagamula kuti eSpeed ilipire madola 3.5 miliyoni, ndalama zimene woweruza anadzazichepetsanso. Linapezanso kuti mapulogalamu atsopano a eSpeed, amene mitengo yake inkabwerera yokha pakati pa sikirini, sanaphwanye patenti. Mlandu wa Trading Technologies ndi kampani ya CQG unayamba mu 2005, chigamulo choti CQG ilipire madola pafupifupi 16 miliyoni chinadza mu 2015, apilo n'kutha mu 2017. Wa kampani ya Interactive Brokers unayamba mu 2010 n'kudzagamulidwa mu 2021. Pakatipo, mu 2014, khoti lalikulu la America pa mlandu wina wotchedwa Alice linanena kuti ganizo wamba silisanduka luso latsopano chifukwa chongoliika pakompyuta, ndipo mu 2019 mapatenti ena a Trading Technologies anathetsedwa. Patenti imakhala zaka 20 zokha, koma mlandu umodzi unadya zaka zoposa 10. Walira mvula walira matope.

Tsono malangizo anga ndi awa. Mukapanga chinthu chatsopano, chilembetseni msanga ndipo musunge umboni wa tsiku limene munachiyamba, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Musanatulutse pulogalamu, fufuzani ngati wina anakutsogolerani, ndipo ngati alipo, pitani mukagogode pakhomo pake mupemphe chilolezo. Inu eni luso, tchulani mtengo umene mnzanu angalipire osagwa nawo, popeza lende n'kukankhana: luso lanu laima pa la amene anakutsogolerani, ndipo mawa mudzafuna la wina. Khoti likhale potsirizira penipeni, zokambirana zonse zitakanika.

Ndipo inu opanga malamulo ndi opereka mapatenti, yang'anitsitsani musanasainire. Tetezani chida chenicheni chimene munthu wapanga ndi nzeru zake, koma kugula ndi kugulitsa kukhale kwa aliyense. Zaka zimene akatswiri amathera m'makhoti akanazithera pokonza zida zina zabwino koposa, ndipo msika wonse ukanapindula nazo.