GITALA YA KU CHIBOLYA YAMVEKA KU AMERICA: ULEMU UYAMBIRE KWAO

Kuyambira mwezi wa October m'caka ca 2024, okonda nyimbo m'makomboni a Lusaka akhala ali kutsutsana pa nyimbo imodzi yochedwa Noid. Nyimboyi ili m'cimbale ca Chromakopia ca woimba wa ku America, Tyler, the Creator, cimene cinafika pa nambala 1 m'dziko limenelo. Cimene cinautsa mkangano ndi cakuti m'kati mwace muli kulira kwa gitala yaukali ndi mau a Cinyanja, zotengedwa m'nyimbo ya Nizakupanga Ngozi imene gulu la Ngozi Family linatulutsa m'caka ca 1977 pa cimbale ca 45,000 Volts.

Anthu a m'midzi ayenera kumudziwa mwini wace wa mau amenewo. Malemu a Paul Ngozi, amene dzina lao lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, anabadwa m'caka ca 1949 ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya, kumadzulo kwa mzinda wa Lusaka. Komboni imeneyi yakhala ndi mbiri yoipa ya malonda a camba, kotero kuti ambiri akamva dzina lace amagwedeza mutu. Koma akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Chibolya anaidziwadi nyimbo, pakuti ndiye analera mnyamata amene anaphunzira kuliza gitala monga Jimi Hendrix ndi gulu la Black Sabbath, nalumikiza kuimba kolemera kumeneko ndi cilankhulo ca kwao. Pamodzi ndi a Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma ndi a Tommy Mwale pa gitala ya besi, iwo anatulutsa cimbale ca Day of Judgement m'caka ca 1976. Kaimbidwe kotere, kamene magulu a WITCH, Amanaz ndi Musi-O-Tunya analinso kuimba, ndiko kanachedwa Zamrock.

Otsutsana agawika patatu. Gulu loyamba, makamaka acikulire ena, linena kuti kuimba kotere ndi phokoso cabe la acilendo: gitala ilira motalika ngati makina a cigayo, ndipo munthu sangavine bwino monga acitira ndi kalindula. Gulu laciwiri ndi la acinyamata amene adzazidwa ndi cimwemwe kumva Cinyanja m'cimbale ca ku America, ngakhale kuti ambiri a iwo dzina la Paul Ngozi analimva koyamba m'caka ca 2024. Gulu lacitatu lifunsa funso la ndalama: pamene nyimbo ya mwana wa Zambia igulitsidwa pa dziko lonse, phindu lace lifika bwanji kwa a m'banja lace?

A gulu loyamba alakwa pang'ono. Gitala ya magetsi ndi yacilendo inde, monganso njinga, khasu la ng'ombe ndi wailesi, koma palibe mlimi anakanapo khasulo cifukwa cakuti silinasulidwe pamudzi. Cofunika ndi cimene munthu alima nalo. Nyimbo ya Nizakupanga Ngozi icenjeza mlendo wosowa ulemu amene afika pakhomo la mnzace ndi miseche pakamwa. Limeneli ndi langizo lomwe limene anamkungwi ndi mafumu apereka pabwalo. Tyler anaisankha pakuti nayenso adandaula za anthu omulonda ndi kumukamba cifukwa ca kuchuka kwace. Munthu wa ku California anapeza kuti nkhawa yace inaimbidwa kale ndi munthu wa ku Chibolya zaka 47 zapitazo. Phokoso lopanda nzeru silikhala moyo zaka zotere.

A gulu laciwiri ali ndi cifukwa cosangalalira, koma cimwemwe cao ciyenera kukhala ndi manyazi pang'ono. M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pa nyimbo 100 zoulutsidwa pa wailesi ya Boma, 95 zikhale za m'Zambia. Lamulo limenelo linapatsa oimba msika: kampani ya Zambia Music Parlour ya a Edward Khuzwayo inali kutulutsa zimbale, ndipo fakitale ya Teal ku Ndola inali kuzidinda. Pambuyo pace mtengo wa mkuwa unagwa, anthu anasowa ndalama zogulira zimbale, malamulo oletsa kuyenda usiku anatseka malo oimbira, ndipo matenda a AIDS anatenga oimba ambiri. A Paul Ngozi anamwalira m'caka ca 1989 ali ndi zaka 40 cabe. Kuyambira pamenepo nyimbo zao zinayamba kuiwalika kwao komwe, kufikira kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inafunafuna zimbale zakale ndi kudindanso Day of Judgement m'caka ca 2014. M'caka ca 2023 Travis Scott nayenso anatenga cigawo ca nyimbo ya Amanaz, ndipo gulu la WITCH linatulutsa cimbale catsopano ca Zango. Zoona mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma ndi camanyazi kuti mwini nyumba adikire mlendo kuti amusonyeze cuma ca m'nkhokwe yace.

A gulu lacitatu ndiwo agwira njakata pamutu. Dzina la Paul Dobson Nyirongo linalembedwa pakati pa opeka nyimbo ya Noid, ndipo ici ndi coyenera, pakuti dzina lolembedwa ndilo khomo limene malipiro alowera. Nyimbo ndi munda: ngati malire ace sadziwika, wina akolola. Dziko la Zambia lili ndi lamulo loteteza opeka nyimbo la m'caka ca 1994, ndiponso bungwe la ZAMCOPS limene nchito yace ndi kusonkhanitsa malipiro a oimba. Woimba wa ku Katete, Petauke, Chadiza kapena Lundazi amene ajambula nyimbo pa foni ndi kuimwaza popanda kuilembetsa, adziwe kuti afesa m'munda wopanda malire. Ana ace sadzakhala ndi pogwira tsiku limene nyimboyo idzakoma m'makutu a munthu wa kutali.

Cotero pali nchito itatu. Nyumba za wailesi, kuyambira ZNBC kufikira mawailesi a m'maboma, zipatule nthawi ya nyimbo za Zamrock ndi kufotokoza mbiri ya eni ace. Mabanja amene asunga zimbale zakale m'masutikesi asazitaye kapena kupatsa ana kuti aseweretse, pakuti matepi oyamba a nyimbo zambiri anatayika ndipo cimbale cimodzi cingakhale mboni yotsala. Oimba nao alembetse nchito zao akali ndi moyo.

Ku Kabwata kuli msewu wochedwa Paul Ngozi Road. Cikwangwani ca pamsewu ndi ulemu ndithu, koma woimba alemekezedwa pamene nyimbo yace imveka, ndipo a m'banja lace adyako. Mwana wa ku Chibolya ndi mwana wa kumudzi asamve za Ngozi Family kucokera ku America. Amve kucokera kwa makolo ao.