Nyali Yowala Si Umboni wa Mkaka Wabwino

Ena mwa inu amene munaphunzira pano tsopano mumagulitsa mkaka ndi madzi a zipatso, ndipo mwatifunsa za nyali za UV, zimene amalonda amati zimapha tizilombo popanda moto. Ife tikuti musaike moyo wa mwana wa mnzanu pa nyali imene simungathe kuyeza mphamvu yake.

Sitikana kuti ceza cimeneci cimagwira nchito. Nyalizi zimatulutsa ceza ca UV-C, ca 254 nm, cimene cimaononga DNA ya kacilombo kotero kuti sikathanso kuswana. Koma ceza cili ngati mankhwala: cili ndi mlingo wake. Mlingowo umapezeka pocurukitsa mphamvu ya ceza ndi nthawi imene dontho lililonse lakhala likuombedwa naco, ndipo pa madzi akumwa mlingo wodziwika ndi 40 mJ/cm². Gwiritsitsani mau akuti dontho lililonse. M'madzi oyera ceza cimalowa patali. Mu mkaka sicipyola ngakhale milimita imodzi, pakuti mafuta ndi mapuloteni zimacimeza ndi kucimwaza. Kacilombo ka pakati pa cigubu kamangousa ngati munthu pamthunzi. Madzi a mango okhuthala nawo ndi cimodzimodzi. N'cifukwa cake mafakitale amayendetsa zakumwa mopyapyala kapena movundulika pafupi ndi nyali, ndipo amayesa makina awo pothiramo tizilombo towerengedwa kale, kenaka n'kuwerenga totsala. Dziko la America linaloleza njirayi pa madzi a zipatso mu 2000, koma linaikapo malamulo a kayendedwe ka madziwo m'makina.

Cotidetsa nkhawa koposa n'cakuti kuwala kwa buluu kumene timaona sindiko kumapha. Nyali ikakalamba, kapena galasi lake likamatirira mkaka, ceza cimacepa, koma m'maso imawala monga kale. (Musaiyang'anitsitse, imatentha maso.)

Coyezera cimene tonse tingacikwanitse ndi themometa. Kutenthetsa mkaka pa 63°C kwa mphindi 30 kumapha tizilombo ta TB ya ng'ombe ndi ta brucellosis, nthenda yotayitsa bere ija, ndipo zonse ziwirizi zilipo m'makola a dziko lino. Nkhuni n'zosowa, tikudziwa. Komabe nambala ya pa themometa mumaiwerenga ndi maso anu n'kuilemba m'buku la malonda.

Wofunabe nyali ayambe wafunsa wogulitsa: mlingo wake ndi wotani, anauyesa pa mkaka kapena pa madzi, ndipo anauyesa ndani?