Ngwazi Ikabwerera Kumudzi: Kusinkhasinkha pa Moyo wa Audie Murphy

Pa 26 Januwale 1945, pafupi ndi mudzi wa Holtzwihr kum'mawa kwa dziko la France, pamene chisanu chidakuta nthaka ndipo Ajeremani adali kudza ndi akasinja 6 pamodzi ndi khamu la asilikali oyenda pansi, mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Texas, dzina lake Audie Murphy, adalamula anzake kuti abwerere kunkhalango, iye natsala yekha ndi lamya yoitanira mizinga. Adani atayandikira, adakwera pa galimoto yankhondo imene idali kuyaka moto, nagwira mfuti ya chiwaya, naomba kwa nthawi yonga ola lathunthu, mwendo uli kukha mwazi, kufikira zipolopolo zidamthera; ndipo atatsika, adasonkhanitsa anzake aja nawatsogolera kukapirikitsa adaniwo. Chifukwa cha ntchito imeneyi boma la America lidamveka Medal of Honor, mendulo ya usilikali yoposa zonse m'dzikomo. Funso lotivuta ndi ili: kodi ulemu wotere umamchitira chiyani munthu amene waulandira?

Iwo amene amayamikira mwambo wa mamendulo ali ndi mawu omveka. Amati mtundu wosathokoza ana ake amene adapereka khosi m'malo mwa anzawo ndi mtundu wouma mtima, ndipo pa tsiku la tsoka sudzapeza wouimirira. Amatikumbutsanso kumene Murphy adachokera: mwana wa alimi osauka olima thonje m'minda ya eni ake, amene bambo wake adathawa banja, mayi wake namwalira mu 1941, mnyamata wochepa thupi amene magulu ena a nkhondo adamkana, kufikira mlongo wake adamthandiza kukweza zaka pa mapepala kuti alembedwe usilikali mu 1942. Mendulo idamtsegulira makomo amene umphawi ukadatseka mpaka kale. Chithunzi chake chitatuluka pachikuto cha magazini ya Life mu 1945, katswiri wa mafilimu James Cagney adamuitanira ku Hollywood, kumene adasewera m'mafilimu oposa 40, ndipo mu 1955 adasewera moyo wake womwe mu filimu ya To Hell and Back.

Koma tsono mbali inayo nayonso ili ndi umboni umene sitingathe kuukankhira kunkhongo. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere. Munthu amene anthu adali kumuombera m'manja usana, usiku adali kudzidzimuka ndi maloto a nkhondo, nagona ndi mfuti yodzaza zipolopolo kunsi kwa mtsamiro. Ukwati wake woyamba sudakhalitse. Njuga ndi malonda osayenda bwino zidamlowetsa m'ngongole. Ndipo mankhwala ogonetsa otchedwa Placidyl adamgwira ukapolo, kotero kuti adadzitsekera m'chipinda cha hotela kwa mlungu wathunthu kuti adziwonjole yekha. Otsutsa amati mendulo imamangira munthu pa ola limodzi la moyo wake, dziko nilifuna kuti akhale ngwazi masiku onse, osamlola kudwala kapena kulira. Amatinso mwambowu umatola mmodzi pakati pa ambiri, chonsecho mutu umodzi susenza denga: dzina la Murphy lidamveka m'dziko lonse, koma ndi owerengeka amene akumbukira bwenzi lake la pamtima, Lattie Tipton, amene adaphedwa pamaso pake mu Ogasiti 1944 ndi adani onamizira kugonja.

Tikaika mbali ziwirizi pa muyeso, tiona kuti otsutsa alakwa pa chinthu chimodzi: mabala a mumtima mwa Murphy adachokera ku nkhondo, osati ku mendulo, pakuti asilikali ambirimbiri amene sadalandire kanthu adabwerera ndi maloto omwewo, monganso adachitira ena mwa agogo athu a King's African Rifles pochokera ku Burma pa nkhondo yomweyo. Oyamikira nawonso alakwa ngati ayesa kuti mwambo ukatha ndi malipenga akaleka kulira, mtundu wabweza zonse. Mendulo ndiyo kuvomera ngongole pamaso pa mboni; kulipira kwake kumatenga moyo wonse wa msilikaliyo.

Murphy mwini adazindikira chimenechi kuposa onse omtama. M'masiku amene mwamuna wodandaula za nthenda ya maganizo adali kuyesedwa wamantha, iye adanena poyera za kuvutika kwake, napempha boma kuti lisamalire asilikali obwerera kuchokera ku Korea ndi ku Vietnam, ndi kufufuza mozama chimene nkhondo imachita mumtima mwa munthu. Ndipo ngakhale adali m'ngongole, adakana ndalama za otsatsa mowa ndi fodya, poopa kusokeretsa ana amene adali kumyang'ana. Ine ndiyesa kulimba mtima kwachiwiriku kwakukulu kosachepera koyamba kuja, popeza padalibe womlonjeza mphotho, ndipo mawu ake adamveka chifukwa palibe amene akadatha kumutcha wamantha. Apa ndipo mendulo idagwira ntchito yake yabwino koposa.

Adamwalira pa ngozi ya ndege pa 28 Meyi 1971 m'mapiri a ku Virginia, ali ndi zaka 45, naikidwa m'manda a asilikali ku Arlington. Ndipo mu 1973 chipatala cha asilikali opuma chidatsegulidwa ku San Antonio m'dzina lake. Chifukwa chake mtundu uliwonse umene utumiza ana ake kunkhondo usaleke kulemekeza olimba mtima. Koma pokonza mwambo wa ulemuwo, ukonzeretu sing'anga wa mabala osaoneka, penshoni yofika pa nthawi yake, ndi thandizo la amasiye a iwo amene sadabwerere.