Kodi Nyama Zikatha Zingabwerenso?

Tsiku lina madzulo, nditaweruka kusukulu, ndinaima pamsika wa Kauma kuti ndigule makala. Pamenepo anandipeza mnyamata wina amene ndinamphunzitsa kale. Anandipatsa moni mwaulemu, natulutsa foni yake, nandionetsa chithunzi cha tiana tiwiri ta nyama, toyera mbuu, tonga agalu. Iye anati, "Aphunzitsi, paja munkatiuza kuti nyama ikatha yatha. Taonani, Azungu adzutsa nyama imene inatha kalekale. Tsono musamavutitsenso ana ndi nkhani yosunga nyama ndi mitengo. Zikatha adzatipangira zina." Anthu amene anali pamenepo anaseka, ndipo ena anavomereza.

Ine sindinaseke. Mau amenewa ndi okoma m'khutu, koma ndi onama, ndiponso ndi oopsa. Ndalemba nkhani iyi kuti ndiwatsutse. Ndikupemphani inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akuluakulu kale kuti muiwerenge modekha, ndipo muweruze nokha.

Poyamba tiyenera kumvetsa chimene anthu anzeru aja amachita. Thupi la chamoyo chirichonse linamangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'kati mwa selo muli malangizo a thupi lonse, amene amatchedwa DNA. Malangizo amenewa ndiwo achititsa kuti mbuzi ibale mbuzi, osati nkhosa. Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga timabzala mbeu, koma chinangwa timangodula phesi ndi kulizika pansi, ndipo chomeracho chifanana ndithu ndi tsinde limene tinadulako. Anthu anzeru anapeza njira yochitira nyama monga chinangwa. Amatenga dzira la m'mimba mwa nyama yaikazi, nachotsamo malangizo ake, naikamo malangizo a nyama ina imene afuna. Dziralo aliika m'mimba mwa nyama yachitatu kuti itenge bere. Mwana wobadwayo alibe atate, ndipo afanana ndi nyama imene inapereka malangizo ija.

Izi si nthano ayi. M'chaka cha 1996 ku Roslin Institute m'dziko la Scotland kunabadwa nkhosa motero, dzina lake Dolly. Koma dziwani kuti mwa mazira 277 amene anakonza, nkhosa imene inabadwa inali imodzi yokha. Ku Spain kunali mtundu wa mbuzi za m'mapiri wotchedwa bucardo. Yotsiriza inafa mu 2000, koma anali atasungako maselo ake m'malo ozizira kwambiri. Mu 2003 kamwana kamodzi ka bucardo kanabadwadi, koma mapapo ake anali opunduka, ndipo kanafa patapita mphindi zowerengeka. Chotero mtundu umenewu unatha kawiri.

Nanga tiana toyera tija? Mu April 2025 kampani ya Colossal Biosciences ya ku America inalengeza kuti yabwezeretsa chilombo chonga mmbulu, chotchedwa dire wolf, chimene chinatha zaka zoposa 10,000 zapitazo. Chimene anachita ndi ichi: anatenga malangizo a mmbulu wa kwao umene ulipobe lero, nasintha malo 20 okha kuti ana ake akule matupi ndi kukhala ndi ubweya woyera. Akatswiri ambiri a nyama anakana, nati iyi ndi mimbulu ya lero yosinthidwa pang'ono. Mukaveka bulu chikopa cha mbidzi, anthu adzathamanga kudzaona, koma mbidzi simunapange.

Tsono pali mafunso atatu amene ndifuna kuti mnyamata uja ndi anzake ayankhe.

Loyamba: ndani asenze zowawa? Kampani yomweyo iti ifuna kudzutsa njovu yaubweya ya m'maiko achisanu, yotchedwa mammoth. Bere lake iyenera kutenga ndi njovu yamoyo, ndipo bere la njovu likhala miyezi 22. Taona kale kuti m'ntchito yotere mabere ambiri amapita padera. Kodi nkoyenera kuzunza njovu zimene ziripo, zimenenso zikuchepa, kuti tione chilombo chimene makolo athu sanachionepo?

Lachiwiri: ndani adzaphunzitse mwanayo? Ine ndine mphunzitsi, ndipo ndidziwa kuti mwana sakhala munthu chifukwa cha magazi okha. Kanjovu kaphunzira kwa amake ndi kwa njovu yaikazi yaikulu imene itsogolera gulu. Kwa iwo kadziwa kumene kuli madzi m'chilimwe, masamba oyenera kudya, ndi njira zopewa adani. Nyama yobadwa yokha, yopanda mtundu wake, ifanana ndi mwana woleredwa m'chipinda chotseka, wosamva chinenero cha kwao. Thupi liripo, koma mwambo unapita ndi akufa.

Lachitatu: idzakhala kuti? Nyama sizitha popanda chifukwa. Zimatha pakuti nkhalango yadulidwa, madambo alimidwa, ndi misampha yachuluka. Ngati zimene zinaipha zikalipo, kuidzutsa nkungoikonzera maliro achiwiri.

Mwina wina adzati, "Koma ife tamva kuti nyama zimene zinatha m'Malawi muno zinabwerera." Zoonadi, ndipo nkhani imeneyi ndiyo itsimikiza mau anga. Chipembere chinatheratu m'dziko muno chifukwa cha anthu ofuna nyanga yake. Mu 1993 zipembere ziwiri zinafika ku Liwonde kuchokera ku Kruger m'dziko la South Africa, ndipo mu 2019 kunabweranso zina 17. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, njovu zinali zitatha zonse. Mu 2003 Boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale malowo. Chaka chomwecho kunabwera zipembere, mu 2006 njovu, mu 2012 mikango. Akakwiyo anabwerera ku Liwonde mu 2017, ndipo mimbulu inabwerera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2021. Koma taganizani bwino. Palibe ngakhale imodzi mwa nyama zimenezi imene inatuluka m'botolo la munthu wanzeru. Zonse zinabadwa kwa amai ao m'tchire, ndipo zinabwera pa ndege ndi pa galimoto chifukwa anthu a kwina anasunga zao pamene ife tinali kutha zathu. Tinachita ngati munthu amene wadya mbeu yake m'nyengo ya njala, napita kukapempha kwa mnansi. Ndiponso asanazibweretse anayamba amanga mipanda, nachotsa misampha, nalemba alonda. Anakonza khola asanagule ng'ombe.

Sindibisa kuti kusunga nyama kuli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri wolipira ndi mlimi wosauka. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pambuyo pake anthu okhala m'mphepete mwa nkhalangoyo, kuno ku Malawi ndi kutsidya ku Zambia, anadandaula kuti minda yao yaonongeka, ndipo anthu ena anaphedwa ndi njovu. Kulira kwao nkoona, ndipo kuyenera kumveka. Koma ngati tikuvutika kupezera malo njovu zathu zimene tizidziwa, nanga zilombo zachilendo zopangidwa ndi manja zidzakhala m'munda mwa yani?

Sindinena kuti nzeru imeneyi ndi yachabe konse. Ku Kenya, pamalo otchedwa Ol Pejeta, chipembere chachimuna chotsiriza cha mtundu woyera wa kumpoto, dzina lake Sudan, chinafa mu 2018, nkutsala zazikazi ziwiri zokha, Najin ndi Fatu. Madokotala akuyesetsa kupulumutsa mtunduwo ndi mazira ndi mbeu ya abambo zimene anasunga. Tiwafunire zabwino. Koma ntchito yotere iri ngati chipatala cha munthu amene ali kayakaya. Palibe munthu wanzeru amene amamwa madzi oipa dala chifukwa wamva kuti m'tauni muli dokotala wodziwa.

Tsono pali zinthu zina zimene sitingakapemphe kwa mnansi, pakuti mnansi alibe. Mkungudza wa ku Mulanje, umene ndi mtengo wa fuko lathu, umamera wokha paphiri la Mulanje basi, ndipo mitengo yake ikuluikulu yatha ndi macheka ndi moto. Lero anthu akubzala mbande, koma amene adzaone mitengoyo itakhwima ndi adzukulu athu. Chambo cha m'nyanja yathu chinali ndiwo ya munthu wamba, koma lero ambiri a ife kuno ku Kauma timangochiona pamsika ndi kupitirira. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba zamoyo zimene ziri pangozi, linaika mitundu ya chambo pakati pa nsomba zimene zatsala pang'ono kutha. Kodi muganiza kuti anthu olemera a ku America adzataya ndalama zao kudzutsa chambo? Iwo afuna zilombo zodabwitsa zimene anthu angalipire kuti aone. Ndiwo za mwana wa ku Mgona kapena ku Chinsapo siziri m'maganizo mwao.

Musati nkhani iyi ndi ya anthu a kunyanja ndi a kumapiri okha. Ndanena poyamba kuti mnyamata uja anandipeza ndikugula makala. Makala ambiri amene timaphikira mu Lilongwe muno achokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumene kuli gwero la mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake timamwa. Mbaula yanga ndi yanu zikudya nkhalangoyo tsiku ndi tsiku. Ine ndiri ndi mlandu monga inu nomwe, ndipo sindingathe kuloza wina chala.

Nanga tichitenji, ife anthu opanda chuma? Zochita ziripo. Tisagule tiana ta chambo togwidwa ndi masikito, pakuti wogula ndiye atuma msodzi. Tisagule nyama ya m'tchire yobwera mobisa. Wina akakuuzani kuti musunge ngaka kapena mnyanga wa njovu m'nyumba mwanu, kanani. Lamulo limene linakonzedwanso mu 2017 lilola kuti munthu wopezeka ndi zotere akhale m'ndende kufikira zaka 30. Tiphike mosamala makala, ndipo aliyense abzale mtengo pakhomo pake ndi kuuthirira kufikira utagwira. Amene angathe apite ndi ana ake ku Lilongwe Wildlife Centre, pafupi ndi mtsinje wa Lingadzi, kuti anawo aone nyama zamoyo ndi maso ao, osati pafoni pokha.

Makolo athu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chipembere cha ku Liwonde, mbande ya mkungudza ndi chambo chotsala m'nyanja ndiye fodya wa pamphuno. Malonjezo a anthu a kutali ndi wa pachala. Mnyamata uja ndidzamuitana kuti awerenge nkhani iyi, ndipo ngati ali ndi yankho pa mafunso atatu aja, khomo la sukulu ndi lotsegula.