Mlandu Suwola: Tiyeni Tikafunse ku Khothi

Sabata ino tilingalire nkhani imene ambiri amangoinong'ona. Alipo anzathu amene anapatsidwa belo, naphonya tsiku la kukhothi chifukwa cha matenda, maliro kapena kusowa ndalama yoyendera. Chiyambire tsiku limenelo sadziwa ngati khothi linatulutsa chikalata chowamangira kapena ayi. Akaona rodibuloko mtima umagunda, ntchito yofuna kalata ya kupolisi saifunsira, ndipo galu akauwa usiku tulo timawathera. Maganizo athu ndi akuti munthu wotere apite akafunse, ndipo ife timuperekeze.

Mantha amenewa sali kwathu kokha. M'chaka cha 2000, mumzinda wa Cleveland ku America, wapolisi Wayne Leon anaomberedwa ndi munthu amene anamuimitsa pamsewu, yemwe anali kufunidwa kale ndi khothi. Imfa imeneyi inakhudza Peter Elliott, mkulu wa US Marshals m'chigawocho. Iye anaona kuti munthu wothawa chikalata amakhala woopsa kwa apolisi, kwa banja lake ndi kwa iye mwini. Anafunsa tsono kuti: kodi ndi malo ati amene munthu wamantha angalowe modzifunira? Yankho lake linali tchalitchi.

Mu Ogasiti 2005, oweruza, oimira boma pamilandu ndi maloya othandiza osauka anasamutsira matebulo awo m'tchalitchi cha Mount Sinai Baptist kwa masiku anayi. Ntchitoyi anaitcha Fugitive Safe Surrender, ndipo makamaka inali ya anthu a milandu yopanda chiwawa. Panalibe lonjezo lakuti milandu ikhululukidwa, komabe anthu oposa 800 anadzipereka okha, ndipo ambiri anabwerera kunyumba tsiku lomwelo, ena mlandu utatha, ena atapatsidwa tsiku latsopano la kukhothi. Pambuyo pake ntchitoyi inafika m'mizinda ina monga Phoenix ndi Detroit. Chimene chimatikhudza kwambiri n'chakuti ena mwa odziperekawo, maina awo atafufuzidwa, anapezeka kuti analibe chikalata chilichonse chowamangira. Anali atabisala nthawi yonseyo popanda wowalondola. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.

Nanga kuno kwathu ku Malawi munthu angadziwe bwanji? Chikalata chomangira munthu chimatuluka kukhothi, ndipo chimakhala ndi mphamvu mpaka munthuyo atamangidwa kapena khothi lomwelo litachifafaniza. Kudikira zaka sikuchithetsa. Choncho pofunsira pake ndi kukhothi kumene kuli mlanduwo, kwa akalaliki osunga mafayilo. Ndi bwino kutenga pepala la belo kapena nambala ya mlandu, komanso umboni wa chimene chinalepheretsa munthu kubwera, monga buku la kuchipatala kapena kalata ya amfumu. Asanapite, ayambe waonana ndi loya. Amene alibe ndalama angapite ku Legal Aid Bureau, imene boma linakhazikitsa kuti izithandiza osauka pamilandu, kapena kufunsa uphungu ku CCJP ya dayosizi.

Wina adzati: kodi kumeneku si kukankhira mnzathu m'chitokosi? Tisanamizane, n'zotheka kuti amangidwe tsiku lomwelo. Koma taganizani kusiyana kwake. Wobwera yekha masana, ali ndi mapepala ake ndi abale ake, amaima pamaso pa majisitireti ngati munthu wolemekeza khothi, ndipo ali ndi mwayi wopempha kuti chikalatacho chifafanizidwe. Wogwidwa pamsewu amaoneka ngati wothawa, ndipo belo yachiwiri imamuvuta. Komanso malamulo aakulu a dziko lathu, pa gawo 42, amanena kuti womangidwa afikitsidwe kukhothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khothi latsegula ngati maolawo athera pa tsiku losagwira ntchito. Tisaiwalenso amalume kapena amayi amene anamuimira pa belo, chifukwa wothawa amawaika pachiopsezo chotaya ndalama zimene analonjeza.

Tichenjere ndi zinthu ziwiri. Choyamba, wina akaimba foni n'kunena kuti tumizani ndalama kuti chikalata chanu chithe, ameneyo ndi wakuba, pakuti ndalama ya kukhothi imalipidwa kukhothi ndipo imakhala ndi lisiti. Chachiwiri, tikamva kuti mnzathu akufunidwa, tisasandutse nkhaniyo miseche ya pa WhatsApp. Chikalata chimangolamula kuti munthu abwere naye kukhothi. Ngati sanaweruzidwe, lamulo limamuonabe ngati wosalakwa.

Anthu a ku Cleveland aja analowa m'tchalitchi chifukwa pakhomo panali anthu owalandira ndi ulemu. Paulo Woyera naye, pobweza Onesimo kwa Filemoni amene anamuthawa, anamupatsa kalata yomuchonderera, nalonjeza kubweza yekha ngongole yake. Ngati mumphakati mwathu muli wina amene akugona ndi mantha otere, timuyendere mwakachetechete, timusonkhere yoyendera, ndipo m'mawa wopita kukhothi tidzuke naye limodzi. Ambuye atipatse mtima wolimba sabata ino.