Chigayo Chisamalandire Matumba Oposa Mphamvu Zake

Alimi anzathu, nyengo yokolola mpunga ikafika mu Meyi ndi Juni, zimene timaona pachigayo n'zomwezomwezo chaka ndi chaka. Ngolo ndi njinga zimadzaza pachipata, matumba ali mulumulu panja, eni ake akugona pambali kuopa akuba. Ukafunsa kuti mpunga wako upunthidwa liti, amati "mubwere mawa". Mawalo likasanduka sabata, mavenda amene amazungulira ndi masikelo awo amaugula pamtengo wozizira, poti mwana akufuna fizi ndipo ngongole ya feteleza siidikira.

Ena mwa ife tinagwirapo ntchito ya ulangizi. Tinkaphunzitsa kuwokera m'mizere ndi kuthira feteleza panthawi yake, koma sitinawaphunzitsepo alimi kufunsa mafunso awiri awa: kodi makinawa angathe matumba angati pa sabata, nanga alandira kale angati? Lero tikuvomera kuti pamenepo tinalephera.

M'mafakitale mafunso amenewa ali ndi mayankho. Kuchokera m'zaka za m'ma 1970 makampani akhala akugwiritsa ntchito makompyuta pokonza dongosolo la ntchito, ndipo masiku ano mapulogalamu monga SAP ndi Odoo amachita zimenezi. Malo alionse pamene ntchito imadutsa, kaya ndi makina kapena gulu la anthu, pulogalamu imawatcha work centre. Pamalo alionse imasunga manambala awiri: maola amene malowo angagwire ntchito, ndi maola a ntchito imene yalembetsedwa kale. Yolembetsedwa ikaposa imene angathe, bwana amaona pakompyuta masabata angapo mzere usanayambe pachipata.

Tiyerekeze ndi chigayo cha kopaletivi. Tinene kuti makina opunthira analembedwa kuti amatha tani imodzi pa ola, kutanthauza matumba 20 a makilogalamu 50. Akamagwira maola 8 patsiku kwa masiku 6, ndiye maola 48, matumba 960 pa sabata. Koma nambala imeneyi ndi ya papepala. Chotsanipo maola amene magetsi azima, nthawi yokonza lamba akaduka, nthawi yosesa makina pochoka pa Kilombero kupita pa Faya kuti mitundu isasakanikirane. Mwina atsala maola 30, amene ndi matumba 600. Komiti ikamalandira matumba 900 sabata iliyonse, 300 amatsala panja. Pakutha pa masabata 4 otsalawo afika 1,200, ntchito ya masabata awiri athunthu. Palibe ufiti pamenepa, ndi masamu a ku pulayimale.

Chinanso n'chakuti mpunga sudutsa pamakina amodzi okha. Umayanikidwa, umachotsedwa miyala ndi zinyalala, umapunthidwa, umasankhidwa, kenako umalongedzedwa. Malo ochedwa kwambiri ndiwo amalamula liwiro la chigayo chonse. Mpunga umafunika kuuma mpaka chinyontho chifike pafupifupi 14 peresenti. Wauwisi ukaunjikidwa umatentha n'kusanduka wachikasu, wouma mopitirira umasweka popuntha. Ngati bwalo loyanikira limangokwana matumba 400 pa sabata, mphamvu ya chigayo chathu ndi 400, ngakhale makina atakhala atsopano. Kopaletivi imene ingatenge ngongole kukagula makina opunthira achiwiri pamene vuto lili pabwalo, yataya ndalama za mamembala. Simenti ndi malona zikanakwanira.

Tisanamizane kuti kompyuta ikabwera mavuto atha. Pulogalamu imakhulupirira chilichonse chimene kalaliki walemba. Akalemba maola 48 pamene enieni ndi 30, idzanena kuti zonse zili bwino pamene matumba akuola panja. Tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzima kwa magetsi kunakula mpaka 2023. Dongosolo losawerengera magetsi m'dziko muno ndi maloto chabe. Komanso mapulogalamu ambiri sakana ntchito. Amangochenjeza kuti makina alemedwa, ndipo woganiza chochita ndi munthu. Munthuyo akhoza kuonjeza shifiti ya usiku, kuuza alimi kuti abwere tsiku lina, kapena kungokhala chete n'kulowetsa kaye matumba a wamalonda wamkulu amene wamupatsa kangachepe.

Apa ndiye pagona nkhani. Manambala amenewa akamadziwika ndi anthu a muofesi okha, mtengo wa kuchedwa amalipira ndi mlimi. Anzathu a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, ndi a nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, akuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa mbewu zawo sizidikira n'komwe. Masamba a tiyi amayenera kufika kufakitale tsiku lomwe athyoledwa, ndipo nzimbe ikatenthedwa n'kudulidwa shuga wake amayamba kuchepa. Tsiku lililonse lochedwa ndi ndalama yochoka m'thumba la mlimi.

Alipo amene akunena kuti manambalawa ndi chinsinsi cha bizinesi. Pachigayo cha kopaletivi mawu amenewa alibe malo, chifukwa eni chigayo ndife. Kwa makampani amene timasainirana nawo mgwirizano, sitikupempha mabuku awo a phindu. Tikungofuna kudziwa tsiku limene katundu wathu alowe m'makina.

Choncho ife tikuti, Lolemba lililonse komiti ya chigayo izipachika pabolodi maola amene makina agwire sabata imeneyo ndi matumba amene alembetsedwa kale. Membala aliyense azilembetsa asanachotse mpunga kunyumba, apatsidwe tsiku lake papepala kapena pa uthenga wa pafoni, ndipo ndandandawo uzikhala poyera kuti wodumpha mzere aoneke. Woyendetsa makina azilemba nthawi iliyonse imene makina aima ndi chifukwa chake. Pamene palibe kompyuta, kope lachikuto cholimba ndi cholembera zikwanira, bola zolembedwazo zikhale zoona. Ndipo pamgwirizano uliwonse ndi kampani, atsogoleri athu asasaine popanda ndime yonena kuti katundu akaonongeka podikira tsiku lolonjezedwa litadutsa, wolipira ndani.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Msonkhano waukulu wa kopaletivi yanu ukachitika, musangoombera m'manja lipoti la msungichuma. Imirirani, mufunse kuti chaka chatha makina anagwira maola angati, anaima maola angati, ndipo chaka chino akonzekera matumba angati pa sabata. Komiti ikalephera kuyankha, ipatseni mwezi umodzi ibwere ndi manambala, kukolola kusanayambe.